Mafunso Anu: Alamu ya ku fakitale ikangolira timangoithimitsa

Akulu, ine ndimagwira ntchito pa fakitale ina ku Kanengo, mbali ya maboila ndi mathanki a mankhwala, shifiti ya usiku. Vuto lathu ndi alamu, imangolira nthawi zonse olo palibe chavuta mpaka tinasiya kuwerenga, nde tinazolowera kungodina batani kuti ikhale chete osayang'ana n'komwe pa sikirini, mnzanga wina anafika pomata selotepi pa kasipika kake kuti makutu apumeko. Akapitawo akuti imeneyo ndi yamisala isiyeni. Koma ine mtima sukukhala m'malo. Kodi tikulakwitsa?
*Wa shifiti ya usiku, Lilongwe*

Achimwene, mtima wanuwo ukukuuzani zoona, ndipo selotepi imeneyo mukachotse lero lomwe musanayambe ntchito. Koma sindikudzudzulani inuyo, chifukwa munthu aliyense atha kutero. Galu wouwa usiku wonse, kuuwa mwezi, kuuwa mphaka, kuuwa masamba, eni nyumba amasiya kudzuka, ndiye tsiku lomwe wauwa wakuba weniweni anthu ali m'tulo tofa nato. Vuto la fakitale yanu ndi limenelo, alamu yasanduka galu wotere ndipo ofunika kukonza ndi mainjiniya ndi mabwana, osati inu kuitseka pakamwa.

Ndikuuzeni zomwe zinachitika ku Milford Haven ku Wales mu July 1994, pa fakitale yoyenga mafuta ya Texaco. M'mawa kunagwa mphenzi yomwe inasokoneza makina, kenako valavu ina inakanirira chotseka pomwe kompyuta imaonetsa kuti ndi yotsegula, mafuta n'kumangodzazana kosayenera kwa maola angapo. Anthu a m'chipinda choyendetsera makina sanali aulesi ayi, anali pa mpando maso ali pa sikirini, koma mu mphindi 11 zomaliza fakitale isanaphulike anthu awiri okha amayenera kuona ndi kuchitapo kanthu pa maalamu 275. Tawerengani nokha, ndi maalamu 25 pa mphindi imodzi, ndani angakwanitse zimenezo? Alamu yofunikira inalipo ndithu koma inamira mu phokoso la anzake. Anthu 26 anavulala, ndipo mwayi unali woti linali Lamulungu, anthu anali ochepa pa ntchito.

Ngozi imeneyi itachitika akatswiri ku Britain analemba malangizo otchedwa EEMUA 191, anatuluka mu 1999, ndipo mfundo yake yaikulu ndi yosavuta kumva. Zinthu zikamayenda bwino munthu mmodzi asamalandire alamu yoposa imodzi pa mphindi 10 zilizonse, ndipo olo zitasokonekera asapitirire maalamu 10 mu mphindi 10 zoyambirira. Komanso alamu iliyonse izikhala ndi chochita chake, ikalira munthu adziwe kuti nditseke valavu iyi kapena ndizimitse pampu iyo. Ngati ikulira koma palibe chomwe mukuyenera kuchita, imeneyo si alamu, ndi uthenga chabe womwe umayenera kungolembedwa pa sikirini mwakachetechete.

Nde chitani izi. Pezani kope, kwa sabata imodzi muzilemba alamu iliyonse yomwe yalira, nthawi yake ndi chomwe munapeza mutapita kukaona. Mudzadabwa kuti phokoso lambiri likuchokera ku maalamu ochepa okha omwewomwewo, pena sensa, kachipangizo koyezera komwe kamayambitsa alamu, yadetsedwa kapena yatha, pena anaika malire pafupi kwambiri ndi pomwe makina amayendera masiku onse nde madzi akangogwedezeka pang'ono m'thanki yalira, akabwerera yasiya, yaliranso. Zimenezi zimakonzeka, zina pa tsiku limodzi. Kope limenelo mukapereke kwa akapitawo ndi kwa oona za chitetezo, ndipo mulembenso m'buku losiyirana shifiti kuti pakhale umboni. Akapanda kumva, kuno kwathu tili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito lotchedwa Occupational Safety, Health and Welfare Act ndipo ku unduna wa zantchito kuli anthu oyendera mafakitale, mutha kukadandaula. Paja mbewa yamanyazi inafera ku una.

Chinanso chomwe chimandiopsa ine kuposa alamu yaphokoso ndi alamu yomwe ili zii. Ku Texas City ku America pa 23 March 2005, pa fakitale ya BP, nsanja yoyengera mafuta inadzaza mpaka kusefukira, chipangizo choyezera chimaonetsa zabodza ngati mafuta akutsika ndipo alamu yachiwiri yochenjeza kuti mwadzaza sinalire. Anafa anthu 15, ovulala pafupifupi 180. Choncho mukafunsenso akapitawo anuwo kuti maalamu omwe simunawamvepo akulira aja anayesedwa komaliza liti, makamaka ya madzi kuchepa mu boila, imeneyo si yosewera nayo.

Bwana anatipatsa timakina tomangirira pa ovolosi toti tizilira kukakhala gasi, timalowa nato m'maenje a zonyansa ndi m'mathanki potsuka. Ine ndimaona ngati n'kungotilemetsa chifukwa gasi ndimamumva ndi mphuno, fungo la mazira oola lija. Nanga kachipangizo ka chani?
*Wotsuka mathanki, Blantyre*

Ayi bambo, apa pokha musadalire mphuno. Gasi wonunkha ngati mazira oolayo ndi hydrogen sulphide, ndipo kuipa kwake n'koti akachuluka amapha mphamvu yonunkhiza, fungo limangotha inu n'kumati wachoka pomwe ndi nthawi yomwe wafika poopsa, akachulukitsitsa munthu amagwa atangopuma kangapo. Ndi wolemerako kuposa mpweya wamba nde amakhazikika pansi pa dzenje pomwe inu mukutsikirapo. Palinso carbon monoxide, yemwe uja amapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka, alibe fungo olo pang'ono, ndipo m'thanki mpweya wabwino utha kungochepa osamva chilichonse. Akuluakulu anati tsoka silinunkha.

Kachipangizoko kazikhala pa chifuwa kufupi ndi nkhope, osati m'thumba la thalauza. Kayesedwe ndi gasi woyesera musanalowe, kuyaka kwa getsi lake sikutanthauza kuti sensa ikugwira. Kakalira tulukani kaye, zofufuza pambuyo. Ndipo mnzanu akagwa mkati musamudumphire opanda zopumira, ambiri ofera m'malo otere ndi omwe amathamangira kukapulumutsa anzawo.

Ife timakhala pafupi ndi malo a mafakitale ndipo nthawi zina timamva sailini ikulira, ana amathamangira kumpanda kukaonerera. Palibe anatiuzapo tanthauzo lake. Tizitani tikaimva?
*Mayi wa ana atatu*

Mayi, funso lanuli landikumbutsa Bhopal ku India. Usiku wa pa 2 kuchera pa 3 December 1984 madzi analowa m'thanki ya mankhwala otchedwa methyl isocyanate pa fakitale ya Union Carbide yopanga mankhwala ophera tizilombo m'munda, gasi n'kutuluka kuphimba makomo a anthu osauka oyandikana ndi mpanda. Sailini yochenjeza anthu a kunja inalira kanthawi kochepa n'kuzimitsidwa, ndipo anthuwo sanaphunzitsidwepo kuti ikalira achite chani, olo kungowauza kuti aphimbe nkhope ndi nsalu yonyowa. Anafa anthu zikwi zingapo m'masiku ochepa ndipo ena akudwalabe mpaka pano.

Sikuti sailini iliyonse ndi ya gasi, ina ndi yosinthira shifiti, ina akungoyesa, koma ndi ufulu wanu kudziwa kusiyana kwake. Pitani ndi amfumu kapena akhansala anu mukafunse akuluakulu a fakitaleyo kuti amasunga mankhwala anji, sailini ya ngozi imalira motani ndipo amaiyesa tsiku liti. Malo oziziritsira katundu ambiri amagwiritsa amoniya, othira mankhwala m'madzi amasunga klorini, zonsezi zimawotcha maso ndi m'mapapo.

Pakadali pano ana aletseni zothamangira kumpanda. Mukamva sailini yachilendo kapena fungo loyabwa m'maso, alowetseni m'nyumba, tsekani zitseko ndi mawindo, m'mipata mutsekemo ndi nsanza zonyowa. Ngati muli panja yang'anani komwe utsi kapena masamba akulowera, musathawire komwe mphepo ikupita chifukwa gasi akutsatirani, dulani cham'mbali kenako mulowere komwe mphepo ikuchokera. Klorini ndi wolemera, amatsetsereka kutsata zigwa ndi ngalande, nde inu kwerani kumtunda, ndipo wamng'ono uja mumunyamule m'manja asayende yekha chifukwa pansi pomwe iye akupumira m'pomwe gasi amachuluka.