Alamu ya mita yoyezera madzi ikamangolira popanda chifukwa

Bambo wina amene amayang'anira makina pa fakitale ya tiyi ku Thyolo wanditumizira imelo yofunsa za mita yoyezera madzi amene amawapopa kuchokera kudamu. Akuti mitayo imawerenga kuyambira 0 mpaka 100 m³ (makyubiki mita) pa ola ndipo madzi amayenda pakati pa 55 ndi 70, koma alamu ya madzi ochepa, imene anaiika pa 55, imalira pafupipafupi moti anyamata a shifiti ya usiku anafika pongoizimitsa osayang'ana n'komwe. Akufuna kudziwa malire oyenera.

Bambo, vuto lagona pa 55 pomwepo, chifukwa madzi amafika pamenepo tsiku ndi tsiku zinthu zili bwinobwino. Alamu iyenera kulira pokhapokha pali choti munthu achite, komanso nthawi yochitira chinthucho ikadalipo. Choncho yambani ndi kaundula wa mmene madzi anu amayendera, wa dzinja ndi wa chilimwe yemwe, popeza kuno mvula ya Januwale imadzaza sefa ndi matope ndi masamba, pomwe mu Okutobala damu limaphwa ndipo pampu imayamba kukoka mpweya. Kenako funsani amene anakugulitsani pampu kuti imafuna madzi osachepera angati kuti isatenthe. Malire anu akhale pakati pa manambala awiriwo: nambala yotsikitsitsa ya m'kaundula wanu ndi imene pampu imafuna. Tiyerekeze kuti pampu imafuna 30: ine ndingaike alamu yochenjeza pa 45, ndipo malire ozimitsira pampuyo pa 35, kuti munthu athe kufika kudamu ndi kutsuka sefa makina asanaime.

Chimene ambiri amaiwala ndi mpata umene mainjiniya amautcha deadband. Alamu ikalira pa 45, isatonthole mpaka madzi atakweranso kufika pa 50, apo ayi idzangolira n'kusiya, kulira n'kusiya, pamene nambala ikuvinavina pamalire. Pa mita zamadzi anthu amakonda kuyambira pa 5 peresenti ya sikelo yonse, ndipo amaonjezera masekondi ngati 15 oti alamu idikire isanalire, kuti thovu la mpweya lodutsa m'paipi lisadzutse fakitale yonse. Malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka ma alamu m'mafakitale otchedwa EEMUA 191, amene anatuluka koyamba ku Britain mu 1999, amati ntchito ikamayenda mwachizolowezi woyendetsa makina asamalandire alamu yoposa imodzi pa mphindi 10, ndipo apa akuwerenga za makina onse pamodzi, osati za mita imodzi.

Magetsi akathima n'kuyatsa jenereta, pampu imayambira pa 0, motero alamuyo ikhale chete kufikira paipi itadzaza. Nthawi imeneyo muiyeze nokha ndi wotchi, musaiganizire. Malire apamwamba savuta kwenikweni; 85 angakwanire kukudziwitsani kuti paipi yaphulika kutsogolo, madzi atadutsa kale pa mita.

Pali chinanso chimene simunafunse koma n'chofunika. Mita zambiri zimatumiza pa waya mphamvu ya magetsi ya 4 mA (mamiliampeya) madzi akaima ndi 20 mA akafika pamapeto pa sikelo, ndipo malinga ndi malangizo a zipangizo zoyezera otchedwa NAMUR NE 43, mphamvu ya 3.6 mA kapena yocheperapo imasonyeza kuti mita kapena waya waonongeka. Zimenezi zikhale ndi alamu yakeyake, kuti anthu asathamangire kudamu pamene khoswe wangotafuna waya. Ngati mita yanu ndi ya maginito, yatsaninso chozindikira paipi yopanda madzi, chifukwa mita yotere imanama paipi ikapanda kudzaza.

Mukasintha manambalawa, lembani tsiku ndi chifukwa chake m'buku la shifiti, ndipo mudzawaunikenso mvula ikayamba mu Novembala.