Funsani za Umoyo: Banga Lakuda Kuphazi, Mzere pa Chikhadabo ndi Bala Losapola

Makalata a mwezi uno akhudza khansa ya pakhungu. Ena tawafupikitsa, ndipo mayina a olemba tawabisa monga mwa nthawi zonse.

A Dokotala, bambo anga anatisiya chaka chatha. Zinayamba ndi kabanga kakuda kuchidendene, iwo n'kumati anaponda chitsa kumunda. Kanakula mpaka kusanduka bala, ndipo kwa chaka chathunthu tinkangotsuka n'kumanga. Atatupa mwanabere m'mphechepeche m'pamene anatitumiza kuchipatala chachikulu, komwe anati ndi melanoma ndipo yafika kale m'mapapo. Ine ndimamva kuti khansa imeneyi ndi ya azungu. Inawapeza bwanji bambo anga? Tikanafulumira akanachira? Nanga ife ana awo tili pachiopsezo? — Mayi wa ku Ntcheu

Pepani kwambiri, mayi, ndi imfa ya bambo.

Khungu la munthu aliyense lili ndi timaselo topanga utoto umene umalipatsa mtundu, ndipo melanoma ndi khansa ya timaselo timeneti. N'zoona kuti imagwira kwambiri azungu, makamaka a ku Australia ndi New Zealand kumene dzuwa limawotcha khungu loyera. Kwa anthu akuda siichulukachuluka, koma ikabwera imakonda pansi pa phazi, chidendene, chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, malo amene dzuwa silifikako n'komwe. Woimba wa ku Jamaica, Bob Marley, anamupeza nayo pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi mu 1977, anthu atayamba aganiza kuti wavulala pa mpira. Anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36. Za chitsa chija, nthawi zambiri kuvulala kumangochititsa kuti munthu atembenuze phazi n'kuona banga limene linalipo kale.

Funso lanu lachiwiri tiliyankha mosabisa. Inde, ikanadulidwa ikadali banga, mwayi wochira unali waukulu. Melanoma ya kuphazi imayamba n'kuyala pamwamba pa khungu kwa miyezi, mwinanso zaka, kenako imayamba kulowa pansi. Chimene madokotala amayang'ana kwambiri ndi kuya kwake. Ikakhala yosakwana milimita imodzi, kuidula kokha kumachiritsa anthu ambiri. Ikapitirira mamilimita 4, kawirikawiri imakhala itapeza njira yolowera m'thupi: imayamba yafika mu anabere, kenako m'mapapo, m'chiwindi, mu ubongo kapena m'mafupa. Ku America, kumene amasunga bwino ziwerengero, pafupifupi 99 mwa odwala 100 alionse amene yawo yapezeka isanachoke pakhungu amakhala akadali moyo patatha zaka zisanu. Ikafalikira kutali, amatsala pafupifupi mmodzi mwa atatu, ndipo ku America kumeneko n'kumene kuli mankhwala okwera mtengo monga pembrolizumab ndi nivolumab, amene anavomerezedwa mu 2014.

Koma musadzisenzetse mlandu. Banga limeneli silipweteka, ndipo likasanduka bala limafanana ndi njerewere, bala la shuga kapena chilonda cha minga, moti ngakhale azachipatala limawapusitsa. Munkatsuka ndi kumanga chifukwa ndi zimene aliyense amachita ndi bala.

Melanoma siyopatsirana: amene ankatsuka balalo kapena kuchapa nsalu zake sanatengere. Ku mtundu imayendako pang'ono, pafupifupi wodwala mmodzi mwa khumi amakhala ndi wachibale amene anadwalapo. Choncho inu ndi abale anu muzidziyang'ana kamodzi pamwezi. Mukatha kusamba, khalani panja powala, tembenuzani phazi lililonse, tsegulani pakati pa zala, yang'anani chidendene, zikhatho ndi zikhadabo zonse mutachotsa utoto wopaka. Kumsana ndi m'mutu akuoneni wina. Agogo amene sangathe kuwerama, muziwaona ndinu.

Banga lokayikitsa ndi limene mbali zake ziwiri sizifanana, m'mphepete mwake ndi mokhotakhota, lili ndi mitundu yosakanikirana (lakuda apa, lofiirira apo, lotuwa pena), kapena lapitirira mamilimita 6, kukula kwa njere ya nandolo. Chachikulu pa zonse ndi kusintha: likukula, latukuka, layamba kuyabwa kapena kutuluka magazi. Ngati muli ndi foni ya kamera, ikani rula pambali pake, jambulani, ndipo mudzajambulenso pakatha mwezi. Dziwaninso kuti melanoma ina siida n'komwe, imangooneka ngati kanyama kofiira kosachedwa kutuluka magazi. N'chifukwa chake lamulo lathu ndi lakuti bala lililonse la kuphazi limene latha miyezi iwiri likulandira mankhwala koma osapola, lidulidweko kachidutswa kokayeza.

Ndili ndi mzere wakuda woyambira patsinde mpaka kunsonga ya chikhadabo cha chala chachikulu cha kumanja. Anzanga akuti ndi kuchepa kwa magazi. Ndide nkhawa? — Mnyamata wa ku Mzuzu

Achimwene, kuchepa kwa magazi sikujambula mzere wakuda pa chikhadabo chimodzi. Mizere yotere ndi yofala pakati pa anthu akuda, makamaka akamakula, ndipo yambiri ilibe vuto: imakhala yopyapyala, ya mtundu umodzi, pa zikhadabo zingapo, ndipo imatha zaka osasintha. Mankhwala ena, monga zidovudine wa m'gulu la ma ARV, amadetsanso zikhadabo.

Umene timaukayikira ndi mzere wa pa chikhadabo chimodzi chokha, makamaka cha chala chachikulu cha kumanja kapena kuphazi, wotambalala kuposa mamilimita 3, wokulirakulira, kapena wotambalala kwambiri kutsinde kuposa kunsonga. Kuda kuja kukadutsa chikhadabo n'kugwira khungu lozungulira, kapena chikhadabo chikayamba kung'ambika n'kutuluka magazi popanda chochivulaza, musadikire sabata ina.

Magazi oundana chifukwa chopunthwa kapena kudzimenya ndi hamala mungawasiyanitse motere. Chikhadabo cha kumanja chimakula pafupifupi mamilimita 3 pamwezi, choncho magaziwo amasunthira kunsonga, kutsinde n'kumatuluka chikhadabo choyera. Cha kuphazi chimachedwa, chimatha chaka kapena kupitirira kuti chisinthe chonse, komabe mpata woyera kutsinde umaoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Mzere wa khansa susuntha chifukwa utoto wake ukuchokera pamuzu pa chikhadabo. Simunatiuze kuti wanu unayamba liti. Ngati ndi watsopano kapena ukukula, kauonetseni.

Akuchipatala akufuna kudula banga limene lili pansi pa phazi la amayi anga kuti akaliyeze. Akuluakulu kwathu akukana, akuti khansa ikalawa mpeni imalusa. Zoona zake n'ziti? — Bambo wa ku Mulanje

Bambo, lolani adule. Chikhulupiriro chimenechi chinabwera chifukwa anthu ambiri amafika kuchipatala khansa itafalikira kale, ndiye akamwalira patangopita miyezi yochepa, mlandu umagwera mpeni. Kudula kachidutswa kokayeza sikufalitsa melanoma. Chimene chimaipatsa mpata ndi nthawi imene imatayika pakhomo anthu akukambirana.

Ntchito yake imayenda chonchi. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo, amayi ali maso. Banga likakhala laling'ono amalichotsa lonse pamodzi ndi kakhungu kabwino ka mamilimita awiri m'mbali mwake, n'kusoka. Likakhala lalikulu amatapa pamalo pokhuthala kapena pakuda kwambiri, ndipo ayenera kutapa mozama, chifukwa kungopala pamwamba kumalepheretsa kuyeza kuya kuja. Chodulidwacho amachiika m'kabotolo ka mankhwala a formalin n'kuchitumiza ku labotale, monga ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Apa m'pamene zinthu zimakonda kusokonekera, ndiye tcherani khutu. Musalole kuti chodulidwa chitayidwe osayezedwa, ngakhale wodulayo atati chikuoneka chabwinobwino. Funsani tsiku lodzamva zotsatira, alilembe m'kabuku ka kuchipatala, ndipo musiye nambala ya foni yogwira. Zotsatira zimatha masabata angapo. Zikachedwa, pitani mukafunse, musaganize kuti kukhala chete kukutanthauza kuti zili bwino.

Akapeza melanoma amadulanso kachiwiri mokulirapo: sentimita imodzi kuzungulira ngati ili yosazama, masentimita awiri ngati kuya kwake kwapitirira mamilimita awiri. Pansi pa phazi khungu silikokeka, choncho nthawi zambiri amatseka ndi khungu lotengedwa pantchafu. Ikakhala pa chala, mwina amachotsa chalacho, ndipo munthu amayendabe. Akatero amayi azipita kukaonedwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse, dokotala azipapasa pachipsera ndi m'mphechepeche.

Chimene tikukaniza kwamtuwagalu ndi kudula ndi lezala kunyumba, kutema mphini pabanga, kapena kuliwotcha ndi asidi wa batire kaya soda. Pamwamba pamapsa, mizu imatsala, ndipo wa ku labotale amasowa choyeza.

Mwana wanga wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi wachialubino. Pamakutu ndi pakhosi payamba tizigamba tokhakhala. Mafuta oteteza ku dzuwa timapaka tikawapeza. Ndichite chiyani? — Mayi wa ku Machinga

Mayi, mwachita bwino kuzindikira msanga. Kwa anthu achialubino, amene kalembera wa 2018 anapeza kuti alipo oposa 134,000 m'Malawi, khansa yoopsa kwambiri si melanoma koma ina yotchedwa squamous cell, ndipo iyi imachokeradi ku dzuwa. Tizigamba tokhakhala tofiirira, timene timakanganuka n'kubwereranso pamalo omwewo, ndi chizindikiro chakuti dzuwa lawononga khungu. Sitinafike pa khansa, koma tina timadzasanduka khansa tikasiyidwa. Kuchipatala cha khungu amatiumitsa ndi mpweya wozizira kwambiri wa nitrogen, ntchito ya mphindi zochepa. Pamatuluka thuza, pakatha sabata ziwiri papola. Funsani kuchipatala cha boma tsiku la kiliniki ya khungu. Bungwe la anthu achialubino la APAM komanso la Standing Voice, limene limawathandiza, angakulozereni kumene makiliniki oterewa akuchitikira. Mwanayo azionedwa thupi lonse miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ngakhale asakudandaula kanthu.

Chitetezo choyamba ndi nsalu, chifukwa siitha ngati mafuta. Chipewa chikhale cha khonde lozungulira losachepera masentimita 7. Kapu imasiya makutu ndi khosi pamtetete, malo omwewo amene mwatchulawa. Malaya akhale a manja aatali ndi kolala, a nsalu yothithikana: iyang'anitseni kudzuwa, ngati kuwala kukudutsa ndiye kuti siikuteteza. Kambiranani ndi aphunzitsi kuti azivala chipewa ndi yunifolomu ya manja aatali, komanso asamaime padzuwa pa asembule. Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana azikhala pamthunzi mmene zingathekere.

Mafuta akhale a SPF (nambala yolembedwa pabotolo yosonyeza mphamvu yake yoteteza ku dzuwa) 30 kapena kuposa, 50 ndiye abwino koposa. Pakani mphindi 20 asanatuluke, mubwereze pakatha maola awiri alionse, ndiponso akasamba kapena akatuluka thukuta kwambiri. Anthu ambiri amapaka ochepa pofuna kusunga: munthu wamkulu amafunika tiyisupuni yathunthu ya nkhope, makutu ndi khosi zokha. Mafuta akachepa, apite pamalo amene nsalu siifika, monga milomo, makutu, kumbuyo kwa khosi ndi kunja kwa manja. Kukachita mitambo pakanibe. Vaseline sateteza ku dzuwa.

Ndimamwa ma ARV ndipo m'miyendo mwatuluka mabanga akuda angapo, phazi likutupa. Kodi ndi melanoma? — Owerenga wa ku Kasungu

Mabanga angapo otuluka nthawi imodzi pamodzi ndi kutupa kwa mwendo amatiganizitsa kaye za Kaposi sarcoma, khansa imene ndi yofala kwambiri kuno kuposa melanoma, makamaka chitetezo cha m'thupi chikatsika. Yang'ananinso m'kamwa, kumwamba kwake ndi m'nkhama. Musasiye ma ARV. Pitani ku kiliniki yanu sabata ino, akuyezeni kuchuluka kwa kachilombo m'magazi ndi kutapa kachidutswa ka banga limodzi, chifukwa maso okha sangasiyanitse khansa ziwirizi. Kaposi imamva mankhwala: ma ARV ogwira bwino, ndi mankhwala a khansa a m'diripi ngati yakula.

Achemwali anga anauzidwa kuti melanoma yawo yafalikira ndipo opaleshoni siingathandize. Ali kunyumba, bala likununkha ndipo usiku sagona ndi ululu. Tiwathandize bwanji? — Mayi wa ku Salima

Pepani, mayi. Ululu ndi fungo zonse zili ndi mankhwala, ndipo simukuyenera kulimbana nazo nokha. Kwanu ku Salima kuli Ndi Moyo, malo osamalira odwala matenda osachiritsika; ku Blantyre kuli Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo zipatala za m'maboma zili ndi anamwino a ntchito yomweyi.

Panado akalephera, pemphani morphine wamadzi. Amamwedwa maola anayi alionse motsata wotchi, osadikira kuti ululu ubwerere, pa mlingo umene adokotala alemba. Kuwodzera kwa masiku awiri kapena atatu oyamba kumatha kokha. Kudzimbidwa ndiye sikutha kokha, choncho atenge ndi mankhwala ofewetsa m'mimba monga bisacodyl kuyambira tsiku loyamba. Morphine womwedwa motere safupikitsa moyo, ngakhale anthu amatero.

Bala muzilitsuka ndi madzi owiritsa ozizira, theka la lita mutasungunulamo tiyisupuni imodzi ya mchere. Nsalu yakale muziyamba mwainyowetsa musanaichotse, chifukwa kuikanganula youma kumatulutsa magazi. Fungo limachokera ku tizilombo tokhala m'nyama yakufa: pemphani mapiritsi a metronidazole, amene ambiri amati Flagyl, muwapere asanduke ufa n'kuwaza pabalapo kamodzi kapena kawiri patsiku, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu fungo limachepa. Nsalu yokhudza balalo ipakeni Vaseline kuti isamatirire. Magazi akatuluka, dinikizani ndi nsalu yoyera kwa mphindi khumi osasuzumira.

Akayamba mutu waukulu wa m'mawa, kusanza, kukomoka kapena kusokonezeka, uzani anamwino tsiku lomwelo. Zimenezi zimasonyeza kutupa mu ubongo, ndipo mapiritsi a dexamethasone amakuchepetsa.