Funsani Ankolo: Kodi foni ingatiyendetse pamalo ankhondo ku Nkhotakota?

FUNSO: Ankolo, ine ndi mphunzitsi wa History pa sekondale ina kuno ku Salima. Achemwali anga ali ku America ananditumizira kavidiyo akuyenda ku Gettysburg, kuja kunamenyedwa nkhondo mu 1863, mahediseti ali kukhutu foni ikuwalongosolera yokha akangofika pamalo pake. Ndinasilira heve. Ndikufuna nditengere ana anga a Fomu 3 ku Nkhotakota koma yolipira wotiperekeza tilibe, ya minibasi yomweyo tikuchita kusonkherana. Zoterezi zingatheke kuno? Nanga kumeneko malo ankhondo aliko, kapena ndi mtengo wa Livingstone basi?
Mphunzitsi, Salima

YANKHO: Aphunzitsi, zikomo posafuna kuti ana aziloweza zaka pabolodi pomwe malo ake ali pompano, kungotsata msewu wa M5 basi. Zomwe anaonetsa achemwali anuzo ndi ma apu ngati VoiceMap kapena izi.TRAVEL, munthu amajambuliratu mawu n'kuwalumikiza ndi GPS, ukafika pamalopo foni imayamba yokha kuyankhula. Koma inu musadikire kuti wina wakunja adzakupangireni za Nkhotakota, pangani nokha ndi anawo, rekoda ili kale mufoni iliyonse.

Nkhondo kunali, osati pang'ono. Cha m'ma 1840 Mswahili Salim bin Abdallah anakhazikika pa Nkhotakota n'kukhala Jumbe woyamba (Jumbe linali dzina la udindo la mafumu achiswahili a pamenepo), ndipo pagombe limenelija anthu ogwidwa m'midzi yakumtunda ankakwezedwa m'madau (mabwato a matanga) kuwoloka nyanja, kenako wapansi mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere ku Tanzania. Livingstone anafika mu 1861 n'kuziona ndi maso. Mu 1889 Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anachita pangano ndi Jumbe wa nthawi imeneyo, Tawakali Sudi, ndiye pamene nduna ina ya Jumbe, Chiwaula (mabuku akale amalemba Chiwaura, posaka pa intaneti yesani zonse ziwiri) inamuukira n'kumanga linga lolimba makilomita ochepa kumtunda kwa tauni, Johnston anabwera mu 1893 ndi asilikali achi Sikh ochokera ku India kudzathandiza Jumbe, linga linagwa ndipo Chiwaula anaphedwa. Ndiye taonani aphunzitsi, Mngelezi amene amati akuthetsa ukapolo akumenyera nkhondo Jumbe, mwini doko la akapolo. Funso limeneli lokha anawo akhoza kukangana nalo njira yonse yobwerera, ndipo ndikanakonda akanganedi chifukwa History yake ndi imeneyo. Jumbeyo atamwalira mu 1894 wolowa m'malo sanakhalitse, Angelezi anamuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar, ndipo mu 1895 gulu lankhondo lokamenya Mwase Kasungu linali ndi Alfred Swann, bwana wa boma pa Nkhotakota pompo.

Tsopano kapangidwe kake. Agaweni ana m'magulu, gulu lililonse malo ake: mkuyu wa Livingstone, mzikiti ndi manda a ma Jumbe, pagombe, tchalitchi cha Anglican cha All Saints pomwe anaikidwa Bishopu Chauncy Maples yemwe anamira panyanja mu 1895. Gulu lilembe nkhani yake m'Chichewa, mwana wamawu omveka awerenge, mphindi zitatu zisapyole chifukwa padzuwa la kunyanja palibe mwana angamvere kuposa pamenepo. Jambulirani m'kalasi mawindo otseka, foni isayandikire kwambiri pakamwa, mafayilo muwapatse manambala 1, 2, 3 motsata momwe mudzayendere. Tumiziranani pa Bluetooth, bando sikufunika. Mapu a Google Maps dawunilodiranitu muli ku Salima, GPS imagwira ngakhale netiweki itathawa. Pawabanki yodzadza, ndipo m'malo mwa mahediseti kasipika kamodzi ndi kabwino, onse amvere limodzi komanso makutu akhale otsegula pamsewu, a kabaza a njinga zamoto saona kuti uyu ndi mwana wasukulu.

Koma chomwe chikundikhudza kwambiri ndi ichi. Ku Gettysburg kuli zipilala ndi zikwangwani paliponse, pomwe malo ngati a Chiwaula muyembekezere kupeza midzi ndi minda ya anthu, foni singakulozereni pomwe panadutsa linga, amene angaloze ndi agogo a m'deralo. Ndiye inu mutsogoleko sabata imodzi ana asanapite, mukaonekere kwa a DC kapena ku ofesi ya zamaphunziro, kenako kwa amfumu, musapite chimanjamanja ngakhale kashuga ndi sopo. Mukawapeza akuluakulu odziwa, apempheni bwinobwino kuti muwajambule, auzeni kuti mawuwo akamvedwa ndi ndani, akakana musaumirize. Ndipo musafunse banja limodzi lokha. M'tauni imeneyi muli zidzukulu za anthu a Jumbe, muli zidzukulu za amene anagwidwa, ena magazi onse awiri, amapemphera moyandikana amagulitsana mpunga ndi usipa pamsika umodzi, ndiye ana anu muwalangize asakafike ndi mawu oloza chala chipembedzo kapena mtundu wa wina. Zomwe analemba Johnston ndi mbali ya wopambana, agogo akanena zosiyana ikani zonse ziwiri mu odiyoyo, ana amve okha pomwe zikusemphana. Mawu amenewo mukawasunge pa memori khadi ndi pa kompyuta ya sukulu, akuluakuluwa akutha ndipo zimandiwawa kuti zambiri zikupita nawo kumanda osajambulidwa.

FUNSO: Ankolo, mwana wanga polima dimba kuno ku Nkhotakota anafukula mikanda yakale ndi kachitsulo kozungulira ngati chipolopolo. Wina akuti amugule. Tigulitse?
Mayi wa ku Linga

YANKHO: Ayi mayi, musagulitse. Zinthu zakale zofukulidwa pansi zimatetezedwa ndi lamulo, ndipo oyang'anira ake ndi a Department of Museums and Monuments. Jambulani chithunzi, kumbukirani bwino pomwe zinapezeka chifukwa kwa akatswiri malowo ndi ofunika ngati chinthucho, musazikweche ndi mchenga kuti ziwale, kenako dziwitsani amfumu ndi ofesi ya DC. Mwanayo akadzapeza chitsulo chachikulupo chooneka ngati bomba asachigwire n'komwe, asachimenye ndi khasu, aitane apolisi.