Alamu anga atenga njinga ndi malata, ndilowere kuti?

Azakhali,
Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Luchenza. Amuna anga ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi, anatisiya chaka chatha. Tisanamete nkomwe alamu anga anabwera kudzatenga njinga yamoto ya kabaza, malata amene tinkasonkhanitsa kuseri kwa bedi, ndi mapoto omwe, ati zonse ndi za m'bale wawo ndipo ine ndilibe mawu poti ukwati wathu unali wachinkhoswe basi. Pano akulondola ndalama za kuntchito, ankhoswe angoti ziii. Ndilowere kuti?
Mayi wa ku Thyolo

Pepani kwambiri mayi, zimandiwawa kumva kuti ana akulira bambo wawo wina ali kalikiliki kuwerenga malata. Zimene achita alamu anuzo ndi mlandu, si mwambo ayi. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa womwalira, ndipo ngati malemu sanasiye wilo, oyamba kuganiziridwa ndi inu ndi ana, kenako amene ankadalira malemuwo monga makolo awo. Ziwiya zapakhomo, mapoto, bedi, zimenezo zimatsala ndi inu. Nkhani yoti munalibe ukwati wa kutchalitchi isakuopseni, lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wachinkhoswe, ankhoswe ali cheteo ndi mboni zanu.

Khalani pansi mulembe chilichonse chomwe chinatengedwa, anatenga ndani, anaona ndani, ngati mapepala a njinga kapena malisiti a malata alipo abiseni bwinobwino. Mupite kupolisi mukafunse ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, amawaitanitsa anthu otere, ena akangoona kalata ya polisi amabweza katundu okha, akakana nkhani imapita kukhoti kwa majisitireti. Musaope za loya, a Legal Aid Bureau amathandiza anthu omwe sangakwanitse kulipira.

Koma za ndalama za kuntchitozo musachedwe nazo. Tengani chiphaso chanu, kalata ya imfa, makadi a ana ndi kalata ya amfumu, mupite ku ofesi ya esiteti mukanene kuti mkazi ndi ana alipo ndipo mufunse kuti malemu analembetsa ndani pa fomu ya penshoni, mukatero mukaonekerenso kwa DC ku Thyolo boma komwe amaona za chuma chamasiye. Pepala lililonse lomwe alamu angabweretse kuti musaine kapena kudinda chala, musavomere mpaka wina yemwe mumamukhulupirira akuwerengereni.
Azakhali