Vuto si libssl1.1 achimwene, yang'anani kumene apt ikukatunga

Achimwene, ndawerenga zonse mwalemba zija. Mwati muli ndi seva yatsopano ya Ubuntu 22.04, mukufuna kuyikapo database ya MongoDB 5.0 poti ndi imene ikuyenda pa seva yanu yakale, koma apt, chida choyikira ma package (mapulogalamu) pa Ubuntu, ikukana. Ikunena kuti mongodb-org-server ikufuna libssl1.1 "but it is not installable", kenako n'kutsekera ndi mawu aja oti "you have held broken packages". Mwatinso wina wakuuzani kuti mungotsitsa fayilo ya libssl1.1 pa intaneti n'kuikhomera ndi dpkg, chida choyikira fayilo ya package pamanja, ndiye mukufunsa ngati imeneyo ndi nzeru. Mwachita bwino kufunsa musanakhudze kanthu, paja safunsa anadya phula. Ine ndikuti musatero, makamaka ngati seva imeneyi idzasunga zinthu za anthu. Ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake pang'onopang'ono, poti vuto lomweli limabweranso litavala malaya ena pa PostgreSQL ndi MySQL.

Mawu oti "held broken packages" asakuzunguzeni mutu. Apt imawatulutsa ngakhale palibe package iliyonse imene yamangiriridwa. Lembani apt-mark showhold, ndipo ikapanda kubweza dzina lililonse, iwalani za nkhani imeneyo. Mzere wofunika ndi wapamwamba uja, wotchula dzina la chinthu chimene chikusowa. Ambirife timathamangira mzere womaliza poti ndi umene uli pafupi ndi maso, n'kukaufufuza pa intaneti, n'kubwerako ndi mankhwala a matenda a eni ake.

Gwero lake ndi ili. Pulogalamu ya database siyenda yokha, imatsamira pa tizidutswa tina timene imayembekezera kutipeza kale mu seva. Libssl1.1 ndi kamodzi mwa timeneto. Ndi mbali ya OpenSSL 1.1.1, ndipo ntchito yake ndi kubisa mauthenga apakati pa database ndi amene akulankhula nayo kuti wina asawawerenge panjira. Ubuntu 20.04, imene dzina lake lina ndi focal, inkabwera nako. Ubuntu 22.04, yotchedwa jammy, imene inatuluka mu Epulo 2022, inasamukira ku OpenSSL 3.0, package yake n'kukhala libssl3, ndipo libssl1.1 mulibe m'nkhokwe zake. Tsono MongoDB 5.0 sinamangidwepo ya jammy. Choncho ngati apt yanu ikuiona 5.0, ndiye kuti malangizo amene munatsatira anakulembetsani mzere wa repository (nkhokwe ya pa intaneti kumene apt imakatenga ma package) wa focal, kapena wa Ubuntu ina yakale kuposa imeneyo. Apt yapita kumeneko, yapeza package yomangidwira nyumba ina, yafunsa zimene ikufuna, yayang'ana m'nyumba mwanu, yaona kuti mulibe, n'kukuuzani zoona. Sinalakwe chilichonse.

Musangondikhulupirira, tsimikizani nokha. Lembani cat /etc/os-release muone zimene zalembedwa pa VERSION_CODENAME. Kenako lowani mu /etc/apt/sources.list.d/ mutsegule fayilo ya MongoDB, dzina lake likhala ngati mongodb-org-5.0.list. Ndikhulupirira mupezamo mawu oti focal/mongodb-org/5.0 pamene seva yanu ikuti jammy. Mukatero lembaninso apt-cache policy mongodb-org libssl1.1. Lamulo limeneli ine ndimalikonda kuposa onse pa nkhani ngati izi, chifukwa limaonetsa version imene apt ikufuna kuyika ndi kumene ikukaitenga. Pa libssl1.1 muona kuti pa Candidate palembedwa none, kutanthauza kuti m'nkhokwe zonse zimene seva ikuzidziwa mulibe yoti ingapereke.

Tsopano za malangizo otsitsa fayilo aja. Sindikunamizani, amagwira ntchito. Mukaikhomera fayiloyo, apt isiya kudandaula, mongod, pulogalamu yoyendetsa database ya MongoDB, idzuka, inu mukagona mtima uli m'malo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Package yoyikidwa pamanja ilibe repository kumbuyo kwake, ndiye apt upgrade sidzaikhudzanso mpaka kalekale. Bowo lililonse limene lidzapezeke m'menemo lidzakhala chitsegukire, ndipo kumbukirani kuti tikunena kachidutswa kamene kamalondera pakhomo penipeni pa database yanu. Eni ake a OpenSSL anasiya kusamalira 1.1.1 pa 11 Sepitembala 2023. Ena amati ndiye onjezani repository ya focal-security kuti zokonza zizibwera. Nayonso njira imeneyo inafika pothera, poti chisamaliro chaulere cha Ubuntu 20.04 chinatha mu Meyi 2025, ndipo kusakaniza nkhokwe za ma Ubuntu awiri pa seva imodzi n'kutchera msampha munthu amene adzaikweze mtsogolo. Nthawi zambiri munthu ameneyo mudzakhala inu nomwe, mutaiwala kale zimene munachita. Pamwamba pa zonsezi, MongoDB 5.0 yeniyeniyo inasiya kusamalidwa mu Okutobala 2024. Ndiye taganizani, mukulimbana kuti muyike database yotha nthawi, yotsamira pa kachidutswa kotha nthawi, pa seva yatsopano.

Ndikulankhula chonchi chifukwa ndinapsapo. Ndikuyamba kumene ntchitoyi ndinakakamiza package ina ya database ndi dpkg --force-depends usiku wina ndili ndi changu. Inayenda ndithu. Patapita miyezi ndinafuna kuyika kapulogalamu kena kakang'ono, apt n'kukana, n'kundiuza kuti ndiyambe ndalemba apt --fix-broken install. Ndinalemba, n'kudina Y osawerenga. Njira imene apt inaona yokonzera zinthu inali kuchotsa database ija. Mwamwayi mafayilo a data anatsala, koma thukuta limene ndinatuluka tsiku limenelo sindiliiwala. Wolakwa ndinali ine. Kuyambira pamenepo ndimawerenga mzere woti "The following packages will be REMOVED" kawiri ndisanavomere.

Chochita n'chosavuta. Chotsani fayilo ya repository yolakwika ija. Sankhani version imene inamangidwira jammy. Za jammy zinayambira pa 6.0, koma 6.0 nayonso yakalamba, ndiye ine ndingatenge 7.0 kapena 8.0, malingana ndi imene pulogalamu yanu ingagwirizane nayo. Tengani mzere wa repository pa tsamba la eni ake a MongoDB, osati pa malangizo a munthu amene analemba zaka zinayi zapitazo, ndipo onetsetsani kuti muli mawu ngati jammy/mongodb-org/7.0. Kiyi yotsimikizira ma package muiyike mu /usr/share/keyrings n'kuitchula ndi signed-by mu mzere womwewo. Malangizo aliwonse amene akukuuzani za apt-key add dziwani kuti ndi akale, ndipo chimenecho chikhale chizindikiro choti mwina zina zonse zili m'menemo n'zakalenso. Mukatero lembani apt update n'kuwerenga zimene yabweza mpaka pansi, chifukwa repository ikakhala kuti yalephera, imanenera pamenepo, ife n'kudutsa osaona. Musanayike zenizeni, yesezerani kaye ndi apt-get install -s mongodb-org. Ka -s kameneko kamauza apt kuti ingosonyeza zimene ikanachita popanda kusintha kanthu. Ngati zoyesa zanu zoyamba zija zinasiya ma package ali theka, dpkg --audit ikuonetsani, ndipo dpkg --configure -a imamalizitsa amene angathe kumalizika. Apt --fix-broken install nayonso mutha kuiyesezera ndi -s yemweyo.

Pamene mufunika kudekha kwambiri ndi pa data. Simunanene momwe mukufuna kuisamutsira, koma chonde musangokopera zili mu /var/lib/mongodb za 5.0 n'kukazithira pa 7.0. Mongod ikana kudzuka. MongoDB imakwezedwa sitepe imodzi imodzi, kuchoka pa 5.0 kupita pa 6.0, kenako 7.0, ndipo pa sitepe iliyonse mumayenera kukweza featureCompatibilityVersion musanapite patsogolo. Ngati seva yanu yakale ndi ya Ubuntu 20.04, muli ndi mwayi, chifukwa 5.0, 6.0 ndi 7.0 zonse zilipo za focal. Mutha kukwera masitepewo komweko, kenako n'kusamuka ma version a mbali ziwirizo akufanana. Njira ina ndi mongodump ndi mongorestore. Kawirikawiri imatheka ngakhale ma version atasiyana, koma eni ake amalangiza kuti azifanana, ndiye muyesere kaye pa seva yongoyeserapo. Mulimonsemo, yambani mwapanga backup, muisunge kunja kwa seva imeneyo, ndipo muyese kuibwezeretsa kamodzi kuti mudziwe kuti ndi yamoyo. Muonenso driver imene pulogalamu yanu imagwiritsa ntchito polankhula ndi database, poti yakale kwambiri ikhoza kukanidwa ndi version yatsopano.

Mwina munganene kuti pulogalamu yanu singachoke pa 5.0 mwezi uno, pali zifukwa. Zimachitika. Zikatero ndi bwino kuyendetsa 5.0 mu Docker, imene imaika pulogalamu m'kabokosi kakekake kotchedwa container, kusiyana n'kuipitsa seva. Container imanyamula tizidutswa take tonse mkati, ndiye apt ya seva yanu imakhala yoyera. Data muiyike pa volume yakunja kwa container, ndipo doko la 27017 lisaonekere pa intaneti. Koma uwu ndi mlatho wongowolokerapo, musamangepo nyumba, chifukwa database ya mkatimo ndi yomwe ija yosasamalidwanso.

Kanthu kena kapambali, poti mungadzakumane nako mawa n'kuganiza kuti ndi vuto lomweli. Kuyambira pa 5.0, MongoDB imafuna purosesa yokhala ndi AVX, gulu lina la malamulo limene ma purosesa akale alibe. Ma package akhoza kulowa bwinobwino koma mongod n'kumafa ikangodzuka, ikunena kuti "Illegal instruction". Lembani grep avx /proc/cpuinfo. Ikabweza chete, ndiye kuti purosesa ndi yakale, kapena seva yanu ndi virtual machine imene yapatsidwa mtundu wa purosesa wobisa AVX. Pamenepo apt ilibe mlandu, mukasinthe kumene makinawo anakhazikitsidwira.

Ndinati vutoli limavala malaya ena. Pa Ubuntu 24.04 anthu amakumana nalo poyika MySQL yomangidwira 22.04, ikumafuna libaio1, pamene dzina la package imeneyo linasintha kukhala libaio1t64 pa ntchito yokonzekera vuto la kawerengedwe ka nthawi la chaka cha 2038. Mankhwala ake ndi omwewa, kutenga package yomangidwira noble, dzina lina la 24.04. Pa PostgreSQL, malangizo ambiri amadzaza dzina la OS ndi lsb_release -cs, zimene zimayenda bwino pa Debian ndi Ubuntu, koma pa ana awo monga Linux Mint zimabweza dzina limene repository ya PostgreSQL silidziwa. Palinso amene amatsitsa mafayilo a deb n'kulemba dpkg -i, osadziwa kuti dpkg sipita kukatenga zosowa, imangodandaula n'kusiya ntchito ili theka. Lembani apt install ./dzina-la-fayilo.deb, kadontho ndi kamzere kakutsogoloko musakaiwale, apt ikatenga yokha zotsalazo. MySQL ndi MariaDB nazo sizigonera nyumba imodzi mwamtendere, zimalimbirana mayina a mafayilo komanso /var/lib/mysql, ndipo pa Debian kuyambira version 9 ya 2017 imene imabwera mwachizolowezi ndi MariaDB. Mukafuna inayo, tulutsani kaye data ndi mysqldump musanachotse kanthu, ndipo lamulo lochotsera la apt purge likakufunsani ngati ichotse ma database onse, werengani funsolo modekha. Kwa a banja la Red Hat Enterprise Linux (RHEL) 8, monga Rocky Linux ndi AlmaLinux, chimene chimatchinga kawirikawiri ndi module ya AppStream yobisa ma package ochokera kwa eni ake. Lamulo la dnf module disable postgresql, kapena mysql, limatsegula njira. Rpm --nodeps ndi mphwake wa --force-depends uja, muitalikire. Amene akadali pa CentOS 7, imene inatha pa 30 Juni 2024, vuto lawo ndi lalikulu kuposa package imodzi, afunika kusamuka basi.

Mukayesa zimenezi n'kuona kuti ikukanabe, tumizani zinthu zitatu: zimene /etc/os-release yabweza, zili mu fayilo ya repository ija, ndi zonse zimene apt-get install -s mongodb-org yalemba kuyambira mzere woyamba, osati womaliza wokha. Zikhale zolemba zokopera, osati chithunzi cha pa foni, kuti ndithe kuwerenga manambala a version bwinobwino. Mufufutemo ma password ndi ma IP a seva musanatumize. Mundiuzenso kuti seva yakaleyo ili pa Ubuntu iti, chifukwa njira yosamutsira data idalira pamenepo.