Za ulendo wokawedza swordfish usiku ku Watamu: wamkuluyo apite, wamng'onoyo atsale

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakumudzi konkuno koma pano akukhala ku Nairobi ndi banja lake. Nkhani yake ndi yakuti bambo akunyumba akufuna holide ya Disembala akachite hayala boti ku Watamu, tawuni ya kugombe la Kenya, banja lonse likachezere panyanja yamchere usiku wonse kuwedza swordfish, chinsomba cha mlomo wautali ngati lupanga. Ndiye mayiwa mtima suli m'malo poti ana alipo awiri, wina wa zaka 14 wina wa zaka 6. Akufunsa kuti kodi ana angapite nawo, nanga nsombayo ndi yotani yoti mpaka munthu akagonere pamadzi.

Achemwali, zikomo polemba. Ine ndinapitako kamodzi kokha ndi alamu anga, ndiye ndikuuzani zomwe ndinaona ndi maso angawa. Yankho langa ndi loti wa zaka 14 uja atha kupita, wa zaka 6 yo ayi, atsale kumtunda azikasewera ndi mchenga.

Ndiyambe ndi funso lanu lachiwirilo chifukwa ndi lomwe limandisangalatsa. Ngati munakhalako ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay mukudziwa mmene usipa amauphera, kukada siginala amapalasa kabwato kake ndi nyali, usipa nkumabwera kutsata kuwala, anzake nkuzunguliza chilimira. Swordfish nayo nzeru yake ndi yomweyo, kungoti nyali yake ndi kakang'ono. Masana nsombayi imakhala pansi penipeni, mamita 500 kapena kuposa, kumdima kozizira, pafupifupi kuya kwa pomwe nyanja yathu inazama kwambiri paja amati mamita 700. Dzuwa likalowa squid (kanyama kofewa ka miyendo yambiri ka m'nyanja yamchere) ndi tinsomba tina timakwera pamwamba pa madzi kudzadya, iyonso nkukwera kuzitsatira. Ndiye amene akuifuna amaidikirira usiku. Anyamata a m'boti amatenga squid, kumusokerera ku mbedza ndi ulusi bwinobwino ngati telala kuti asathothoke, kenako pamwamba pake pang'ono amamangirira kandodo kapulasitiki kaja mukakathyola kamawala mobiriwira, nkuponya m'madzi boti ikuyenda pang'onopang'ono. Ine nditaona ndinaseka ndekha, ndinati anthu awa akanabwera kwathu akanawalemba ntchito ya usiginala.

Nsomba yakeyo ndi chilombo. Mlomo wakumtunda ndi wautali, wophwatalala ngati lupanga, umatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lonse, ndipo imagwiritsa ntchito pokhapa nyama yomwe ikufuna kudya. Ikakula ilibe mamba, ilibe mano. Kuseri kwa maso ili ndi kamnofu kamene kamatenthetsa maso ndi ubongo kuti izionabe bwino m'madzi ozizira apansi aja, taganizani, nsomba yoyenda ndi mbaula yake m'mutu! Yaikulu kwambiri yomwe inagwidwapo ndi ndodo inali ya makilo 536, ku Iquique m'dziko la Chile mu 1953. Musayembekeze yotero, koma ngakhale ya makilo 50 imamuthetsa mankhalu munthu wamkulu.

Tsopano chifukwa chomwe ndikukanira mwana wamng'onoyo. Anthu amaganiza zoti choopsa ndi nsombayo kapena shaki, ayi, vuto ndi nthawi ndi mtunda. Malo omwe maboti a ku Watamu ndi Malindi amakonda kukagona ndi ku North Kenya Banks, dera lowedzako nsomba lomwe lili kutali pakati panyanja, ndipo kukafika kumeneko ndi maola angapo, mtunda umazimiririka osaonekanso, ulendo wonse umapitirira maola 24. Mwana akayamba kusanza 8 koloko usiku simungati kapiteni tabwererani, ndipo ngakhale atavomera mukafika kugombe kunja kukucha. Ine munthu wokulira kunyanja, Ilala ndakwera kangapo mwera ukuwomba osamva kalikonse, koma kumene kuja ndinagwada pambali pa boti mpaka m'mimba munatsala mpweya wokha. Mafunde ake ndi ena, ataliatali, amakunyamula pang'onopang'ono nkukutsitsa, nkukunyamulanso, kuonjezera fungo la dizilo ndi la nyambo, komanso mumdima mulibe poti maso nkugwira. Wamkulu amapirira, mwana wa zaka 6 madzi amamuthera m'thupi msanga. Chinanso nsomba ikadya pabwalo la boti pamakhala chipwirikiti, anthu akuthamanga, mbedza zazikulu, ngowe zokokera nsomba, pansi poterera, aliyense maso ali kumadzi. Mphindi imeneyo palibe amene akuyang'ana mwana, ndipo munthu akagwera m'madzi usiku kumupeza ndi ntchito.

Mwana wamkuluyo naye musangomukweza. Tsiku limodzi kapena awiri ulendo waukulu usanafike apite kaye ndi bambo ake ulendo wa theka la tsiku kufupi konko, akabwerako akufunsa chakudya ndiye kuti ali bho, akabwerako nkhope itatuwa basi nkhani yathera pomwepo. Mapilitsi oletsa mseru funsani ku famase oyenera msinkhu wake ndipo amwe asanakwere, akayamba kale kusanza sathandiza kwenikweni. Layifi jaketi ikhale yomukwana iyeyo osati ya abambo yomufika m'mawondo, ndipo usiku asavule, makamaka ikhale ndi katochi. Mwini botiyo mufunseni mosachita manyazi ngati ali ndi wailesi yolumikizirana ndi kumtunda, kaboti kopulumukira, pogona ndi chimbudzi. Akayamba kuzungulira poyankha fufuzani boti ina. Tengani majuzi, anthu amaseka akamva juzi ku gombe la Kenya koma 3 koloko m'bandakucha utanyowa kumazizira ndithu.

Nthawi yomwe bambo asankhayo ndiwayamikire, Disembala ndi nyengo ya mphepo ya kaskazi yochokera kumpoto chakummawa, yomwe maboti ambiri amapita kutali. Miyezi ya Juni ndi Julayi kumawomba kusi, mphepo yochokera kummwera chakummawa, mchimwene wake wa mwera wathu uja, nthawi imeneyo nyanja imakhala yolusa ndipo sindingakulangizeni nkomwe.

Pa za ndiwo musawerengere kwambiri. Maboti ambiri kumeneko nsomba zamilomo italiitalizi amaziika chizindikiro nkuzibwezera m'madzi, ndiye gwirizanani ndi kapiteni musananyamuke kuti pasakhale kukangana pakati panyanja. Ndipo ngakhale mutabwera nayo, nyama ya swordfish imakhala ndi mekyule wambiri, chitsulo cha poizoni m'thupi, azaumoyo amalangiza kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana ang'onoang'ono asamadye. Wamng'onoyo muguliereni nsomba ina pamsika.

Bambowo muwauziretu kuti atha kuchezera usiku wonse osagwira kanthu, ndalama zitapita. Ife zinatichitikira motere. Kuyambira madzulo mpaka pakati pausiku ziii, tikungomwa tiyi wa mufulasiki, anyamata akucheza m'Chiswahili chapansipansi, kumbuyo kwa boti madzi akuthwanima ngati mwadzaza ziphaniphani, kumwamba nyenyezi zochuluka ngati kumudzi magetsi kulibe. Ine mseru utachepa ndinayamba kusinza. Cha m'ma 2 koloko riilu, chokulungira chingwe cha pandodo, inangolira mwadzidzidzi, chingwe chikuthawa, anawamanga alamu lamba m'chiuno nkuwakhazika pampando. Analimbana nayo pafupifupi maola awiri, akakoka pang'ono iyo nkutsikanso nacho chingwe chonse, thukuta kamukamu, mpaka anayamba kuitana amayi awo omwe ali ku Dedza. Itafika pafupi mnyamata wina anaunika ndi tochi, ndinaona chinthu chotuwa chikutembenuka pansi pamadzi ndi diso lalikulu ngati kapu, kenako chingwe chinangoti lende. Kamwa yake ndi yofewa, mbedza imang'amba nkutuluka, kapiteni anangokweza mapewa nkuyamba kusokerera squid wina. Alamu mpaka lero akamafotokoza amati inali ya makilo 150, chaka chatha pa ukwati inafika 200, ine ndinangoona diso lokha.