Dzina lakuti Nasara ndi chiyambi chake

Mayi, mwafunsa chifukwa chimene Qur'an imatchulira Akhristu kuti Nasara, komanso ngati dzinali ndi chipongwe monga munamvera kwa ena. Yankho langa ndi lakuti dzinali silinayambe ndi Qur'an, ndipo pachiyambi pake linkangosonyeza kwawo kwa Yesu, amene Asilamu timamutcha Isa mwana wa Mariya.

M'Chiarabu munthu mmodzi ndi Nasrani, ambiri ndi Nasara. Mawu onena za munthu mmodzi amapezeka kamodzi kokha, mu sura 3 ndime 67, pamene akunena kuti Ibrahim, amene inu mumamutcha Abrahamu, sanali Myuda kapena Nasrani, pamene onena za anthu ambiri amapezeka kakhumi ndi kanayi, makamaka mu sura 2 ndi sura 5. Akatswiri ambiri a zilankhulo amagwirizana kuti muzu wake ndi mudzi wa Nazareti, umene Aarabu mpaka lero amautcha an-Nasira. Mukatsegula Baibulo lanu pa Machitidwe a Atumwi 24 ndime 5, mupeza Tertulo akuneneza Paulo pamaso pa bwanamkubwa Felike kuti ndi mtsogoleri wa mpatuko wa Anazarene. Dzina lakuti Akhristu, limene buku lomwelo pa mutu 11 ndime 26 likuti linayambira ku Antiokeya, linachokera ku Chigiriki, ndipo ndilo linafala kumadzulo mpaka kutipeza ife kudzera mwa amishoni. Kummawa, kumene anthu ankalankhula Chiaramu, Chiheberi ndi Chiarabu, dzina lochokera ku Nazareti silinafe. Ayuda amati Notzrim, ndipo Akhristu akale kwambiri a ku Kerala m'dziko la India, amene amati chikhulupiriro chawo chinabwera ndi mtumwi Tomasi, amadzitcha okha kuti Nasrani popanda manyazi alionse. Choncho pamene Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, ankalalikira ku Makka ndi ku Madina pakati pa 610 ndi 632, anthu ankalidziwa kale dzinali.

Pali kumasulira kwachiwiri kumene mashehe amakukonda kwambiri, ndipo nanenso kumandikoma m'khutu ngakhale ndimaona kuti si kumene kunabala dzinali. Zilembo zitatu za n, s ndi r m'Chiarabu zimapanga mawu otanthauza kuthandiza. Mu sura 3 ndime 52, ndiponso mu sura 61 ndime 14, Isa akufunsa kuti ndani amene adzakhale athandizi ake panjira ya Mulungu, ndipo ophunzira ake, amene Qur'an imawatcha Hawariyyun, akuyankha kuti iwo ndi ansar a Mulungu, kutanthauza athandizi. Mwarabu akamva ansar ndi Nasara amamva mawu apachibale, ndipo musaiwale kuti ansar ndi dzina laulemu limenenso anapatsidwa anthu a ku Madina amene analandira Mtumiki ndi anzake atasamuka ku Makka mu 622. At-Tabari, womasulira Qur'an wotchuka amene anamwalira mu 923, analemba kumasulira konse kuwiri, kwa mudzi ndi kwa kuthandiza.

Chimene chimasokoneza anthu ndi chakuti ndime zotchula Nasara sizilankhula ndi liwu limodzi. Sura 2 ndime 62 imawaika pamodzi ndi Ayuda ndi Asabii, gulu lina lachipembedzo, n'kunena kuti wokhulupirira Mulungu ndi tsiku lomaliza, nachita zabwino, ali ndi mphotho yake kwa Mbuye wake. Sura 5 ndime 82 imati oyandikira kwambiri kwa okhulupirira pa chikondi ndi amene amati "ife ndife Nasara", chifukwa pakati pawo pali ansembe ndi amonke, ndipo sadzikweza. Omasulira ambiri amalumikiza ndimeyi ndi Akhristu a ku Abyssinia, dera la Ethiopia wa lero, kumene mfumu Najashi inasunga Asilamu othawa mazunzo cha m'ma 615. Koma sura 9 ndime 30 imawadzudzula mwamphamvu chifukwa chonena kuti Mesiya ndi mwana wa Mulungu, ndipo sura 5 ndime 51 imachenjeza Asilamu kuti asawatenge kukhala awliya, mawu amene ena amati abwenzi, ena amati atetezi pankhondo ndi pandale. Dzina ndi limodzi lomwelo poyamika ndi podzudzula, ndipo kwa ine umenewu ndi umboni wokwanira kuti mnyozo suli m'dzinamo.

Mu Qur'an alipo maina ena awiri. Ahl al-Kitab, kutanthauza anthu a Buku, amaphatikiza Ayuda ndi Akhristu, ndipo Ahl al-Injil, anthu a Injili kapena Uthenga Wabwino, amapezeka kamodzi pa sura 5 ndime 47. Dzina lakuti Masihi, lochokera ku al-Masih, kutanthauza Mesiya, ndilo lofanana ndendende ndi Mkhristu, koma mu Qur'an mulibe, ngakhale kuti Isa amatchedwamo al-Masih kakhumi ndi kamodzi.

Ndinenenso, mwina ndi pamene anakuuzaniwo anayambira, kuti ofufuza ena, monga François de Blois mu 2002, anapereka maganizo akuti Nasara a mu Qur'an anali kagulu ka Ayuda okhulupirira Yesu koma osungabe chilamulo cha Mose, kofanana ndi kamene bishopu Epiphanius anakafotokoza cha m'ma 375. Ambiri sanavomereze, popeza Nasara a mu Qur'an ali ndi amonke ndi ansembe ngati mipingo ikuluikulu ya nthawiyo, monga Akhristu a ku Najran, kummwera kwa Arabia, amene anatumiza nthumwi zawo ku Madina.

Komabe nkhawa yanu ili ndi pogwira. Zigawenga za ISIS zitalanda mzinda wa Mosul ku Iraq mu June 2014, mwezi wotsatira zinkayenda ndi penti wofiira n'kumajambula pazipupa za nyumba za Akhristu chilembo cha nun, chimene chimaoneka ngati kambale kokhala ndi kadontho pamwamba, kuimira Nasara, ndipo eni nyumbazo anauzidwa kuti alowe Chisilamu, alipire msonkho, achoke kapena aphedwe. Ngakhale izi zisanachitike, Akhristu ambiri a ku Egypt, Lebanon ndi Syria ankakonda kudzitcha Masihi, chifukwa limawalumikiza ndi Khristu mwini osati ndi mudzi, ndipo Nasara amalimva ngati dzina loitanidwa ndi anthu akunja. Ine ndikamaphunzitsa ndime ndimatchula Nasara monga zinalembedwera, koma ndikakumana ndi Mkhristu wolankhula Chiarabu ndimamutcha Masihi, monga iye mwini amadzitchulira.